Nditenthe kaseti ya mlongo wanga kuti adzamuyimbire pamaliro?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi wa kuno ku Kabudula, ndipo ndili m'gulu la amayi a Chigwirizano pampingo wathu. Ndalemba chifukwa ndasowa pogwira. Anzanga a kumpingo sindingawafunse nzeru pa nkhaniyi poti iwo anaweruza kale.

Ndikudwazika mlongo wanga Lameck, mzime m'banja mwathu. Ankayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya fodya ku Mchinji, koma chaka chatha anabwera atatheratu ndi chifuwa. Tayenda naye m'zipatala mpaka kutopa. Ulendo womaliza adokotala ananditengera pambali n'kunena kuti, "Mayi, kamusamalireni kunyumba." Tanthauzo la mawu amenewo mukulidziwa.

Katundu amene anabwera naye ndi chikwama cha zovala, wayilesi ndi kaseti imodzi yokha, yomwe anamusiyira mzungu wina amene ankakonza makina pa esitetipo. Kaseti imeneyi ndiyo yandisowetsa mtendere. Pachikuto pake pali zigaza za anthu ndi malawi a moto. Nyimbo zake n'zachingerezi, ngati tingazitche nyimbo. Tsiku loyamba kuimva ndinkayesa wayilesi yawonongeka.

Koma bodza ndi loipa, Aphungu. Poti ndimaswera naye m'chipindamo, kasetiyo ndaimva mpaka kuiloweza, ndipo zabwino zilimo. Ine ndinakulira m'mudzi wa ng'oma, dzanja labwino ndimalidziwa. Woyimba ng'oma uja ndi katakwe. Amathamanga ngati matalala padenga la malata koma saphonya. Magitala awiri amayendera limodzi, kuima limodzi, kuyambanso limodzi, zimene kwaya yathu yalephera chiyambire. Mbali yoyamba kuli nyimbo ina yoyamba pang'onopang'ono, gitala akulira yekha. Ikafika imeneyo Lameck amatsinzina, befu uja amachepa, nthawi zina mpaka tulo. Mapiritsi amene anatipatsa kuchipatala samugoneka chonchi.

Zoipa nazo n'zosayamba. Bambo woyimbayo mawu alibe, amangokuwa ngati woitanira minibasi pa Namitete. Nyimbo zimatalika popanda chifukwa, ndipo wagitala mmodzi akayamba kudzionetsera safuna kusiyira anzake. Besi samveka n'komwe, kaya anamulemberanji ntchito. Mbali yachiwiri ndiye chigayo chenicheni, nyimbo zonse n'zofanana, sudziwa kuti iyi yathera pati ndipo inayo yayambira pati. Tsiku lina ndinamuuza Lameck zimenezi ndipo anaseka koyamba chibwerereni, mpaka kutsamwa. Anati, "Alongo, makutu muli nawo. Mbali iyi anajambula atatopa. Koma tadikirani yakumapeto." Yakumapetoyo ndinaidikira, ubwino wake sindinauone, ndipo timakanganabe mpaka lero. Kupatula za kasetiyi, salankhula zambiri.

Vuto lili apa. Lameck anabatizidwa, koma ali ku esiteti anasiya kupemphera ndipo anamudula mumpingo. Kwathu kuno munthu wodulidwa akamwalira mpingo subwera ndi nyimbo. Amayi savala yunifolomu, kwaya kulibe, bokosi limapita kumanda kuli zii. Ndinakhalapo pamaliro otere. Kumangomveka mapazi a anthu ndi makasu a adzukulu, ndipo abale ake ankayenda choweramitsa mitu.

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu, a Obadiya, kukapempha kuti mlongo wanga abwezeretsedwe. Anabwera kudzamuona, mwatsoka anapeza kaseti ikulira. Atayang'ana chikuto chija anachiponya pamphasa n'kupukuta manja pathalauza. Anati, "Izi n'zausatana. Aitenthe yekha pamaso pa akulu a mpingo. Ngati sangadzuke, mubweretse phulusa lake inuyo, iye atavomera. Apo ayi, nkhani yake sindikaitula."

Lameck anakanitsitsa. Anati, "Matendawa anditengera mphamvu, anditengera ntchito, mkazi anathawa. Ichi chokha andisiyire." Kenako anatembenukira kukhoma ndipo phala la tsiku limenelo linabwerera.

Amuna anga a Elifasi akuti ndingoitenga akagona, ndiitenthe, ndikanene kumpingo kuti wavomera, ndipo iyeyo ndimuuze kuti ana aiwononga. M'mudzi ayamba kale kunong'onezana za zimene zimalira m'nyumba mwanga, ndipo anzanga ena a Chigwirizano asiya kudzamuzonda. Mayi athu pomwalira anandisiyira mwanayu m'manja. Ndikaganiza zoti adzapita kumanda ngati munthu wopanda abale, mtima umandisweka, chakudya sichilowa. Masiku ake atsala ochepa, ndikumuona.

Dzulo masana iye ali m'tulo ndinaitulutsa m'wayilesi n'kupita nayo kukhitchini, moto ukuyaka. Ndinaima nayo pamenepo kenako ndinakaibwezera. Sindikudziwa ngati mawa ndidzaibwezerenso. Ndichite chiyani?

R. B., Kabudula

*

Mayi R. B.,

Pepani ndi matenda. Kudwazika ndi ntchito yolemera, ndipo inu mwaisenza osadandaula. Koma yankho ndilinena mosapita m'mbali: musaitenthe kasetiyo.

A Elifasi akufuna kukupeputsirani katundu, koma nzeru yawoyo ndi yonamiza mbali ziwiri nthawi imodzi, mpingo ndi wodwala. Mpingo mwina sudzadziwa. Lameck adzadziwa tsiku lomwelo. Munthu wogona pamphasa amamva zonse za m'nyumba, ndipo nkhope ya mlongo wake amaidziwa ikamanama.

Ndinafunsa mnzanga wina wogwira ntchito kunyumba youlutsira mawu. Akuti nyimbo zoterezi eni ake amazitcha thrash metal, ndipo anandiikira imodzi ya mtundu womwewo. Sindinafike nayo kumapeto, mutu unayamba kulemera. Choncho pa za kukuwa ndi kutalika ndili mbali yanu. Koma mnzangayo akuti zambiri zimakamba za nkhondo, za imfa, ndi za mkwiyo wa munthu amene dziko lamupondereza, ndipo zigaza zapachikuto nthawi zambiri n'zokopera ogula. Akutinso zilipo zina zonyozadi Mulungu, sindikubisirani. Nanga ya Lameck ili mbali iti? Inu simukudziwa, ine sindikudziwa, a Obadiya nawonso sakudziwa. Iwo aweruza chithunzi, mawu sanawamve.

Ndiye yambani ndi pamenepo. Pezani mphunzitsi wa Chingerezi wa kusekondale, munthu wosunga pakamwa, adzakhale pansi amvetsere n'kukuuzani zimene bambo wokuwayo akunena. Mufunseninso Lameck mwini wake, mwina amazidziwa kuposa mmene mukuganizira. Zikapezeka kuti muli zonyoza, Lameck amve yekha asankhe yekha.

Mukatero pitani kwa abusa eniake, ndipo musapite nokha. Tengani amuna anu ndi malume anu ngati alipo. A Obadiya ndi mkulu wa dera limodzi, si bwalo lonse la mpingo. Musakawanene, ingopemphani kuti abusa adzaone wodwala ndi kucheza naye. Mmene ndikudziwira ine, pobwezeretsa munthu amafunsa za mtima wake. Phulusa lobwera ndi mlongo wake silingayankhe funso limenelo.

Za manong'onong'o a m'mudzi, chepetsani nkhuni. Chikutocho chichotseni muchiike pansi pa chikwama. Mugulireni mahedifoni, amapezeka pamsika, kuti azimvera yekha alendo akabwera. Koma musasiye kukhala naye pomvera. Mwalemba nokha kuti anaseka koyamba pamene munainyoza mbali yachiwiri ija. Anthu awiri amene akukangana za nyimbo yakumapeto ndiye kuti akulankhulanabe, ndipo kwa munthu wodwala chotere zimenezo si zazing'ono. Pitirizani kuinyoza, akuyankheni.

Pali funso limodzi limene kalata yanu yalilumpha. Kodi Lameck akufuna kubwerera mumpingo? Mwandiuza zimene mukufuna inu, zimene akufuna a Obadiya ndi zimene akufuna a Elifasi. Iye mwangondiuza chimene akukana. Mufunseni muli awiri, wayilesi itazimitsidwa, ndipo musamuopseze ndi za maliro. Akati akufuna, akanene ndi pakamwa pake kwa abusa. Akati ayi, zidzakupwetekani, koma simungamulowetse pakhomo limene iye sakuligogoda.

Sindikulonjezani kuti zonsezi ziyenda. N'zotheka kuti abusa agwirizana ndi mkulu wawo, kapena nthawi ikutherani nkhani isanakambidwe. N'zotheka ndithu kuti bokosi la mlongo wanu lidzanyamuka popanda kwaya, ndipo anthu adzalankhula. Manyazi amenewo ndi owawa, sindikuwachepetsa. Koma amayi anu anakusiyirani munthu wamoyo kuti mumusamale, ndipo akadali moyo. Ngati muli ndi nyimbo ya m'buku imene mukufuna aimve, muyimbireni lero mukumusambitsa.

Chenjezo langa ndi ili, mayi. Nyimbo za pamaliro Lameck sadzazimva, zimenezo n'zanu ndi anthu a m'mudzi. Mukaponya kasetiyo pamoto, masiku otsalawa mudzakhala mukudyetsa ndi kutembenuza munthu amene sakukulankhulani. Kwaya idzabweradi, amayi adzavala zoyera, nyimbo zidzamveka mpaka kumanda. Pagulu lonselo ndinu nokha amene mudzalephere kuyimba nawo.

Aphungu