Dzino la Hutala

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa alamu uja ukupeza bwanji? Muwauze asiye kukwera padenga, anyamata ali nawo. Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ili m'thumba. Ndakuimbirani kangapo, koma mukangoyankha ndi mawu anu aja ndimayamba za mvula ndi kukwera kwa zinthu, nkhani yeniyeni n'kuimeza.

Kuno tilipo. Nyumba ikudonthabe pakona paja, mwini wake akuti akonza, monga ananeneranso chaka chatha. Masiku ano ndikuyenda wapansi kwambiri moti mimba ija munkandiseka nayo yaphwa.

Achemwali, ndinakunamizani. Dzino la Hutala silinaguluke ku mpira. Mwana amene munamusambitsa nokha atangobadwa, n'kumutcha Hutala poti kulira kwake kunkadzutsa mzere wonse wa nyumba, ndamugulula dzino ndine bambo ake.

Mukudziwa kuti chilekanirane ndi mayi ake, khoti linandipatsa Loweruka lokha. Hutala amakwera minibasi n'kundipeza ku sukulu yathu yoyendetsa galimoto, ndikaweruka timapita kunyumba. Tsiku limene dzino linagulukalo kunabwera munthu wina amene ndinamuphunzitsa kale, wapeza ntchito ya galimoto zikuluzikulu, ndiye anati aphunzitsi tiyeni ndikunyowetseni kukhosi. Tinalowa m'kabala ka mowa kali kuseri kwa mpanda dzuwa lili paliwombo. Ndinati botolo limodzi lokha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, pamene Hutala amafika n'kuti miyendo yanga ikukangana yokhayokha.

Mwanayo anangondinunkhiza n'kunena kuti tikwere minibasi. Apa ndiye pamene ndinadziona wanzeru. Ine amene tsiku ndi tsiku ndimauza ophunzira kuti wakumwa asagwire chiwongolero, ndinati lamulo langa sindiphwanya, ndipo ndinamuponyera makiyi a galimoto ya sukulu. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu, wopanda laisensi! Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndamuphunzitsa ndekha pabwalo chiyambire pamene miyendo yake inafika pansi, komanso ine ndikhala pampando wanga wa mphunzitsi, womwe uli ndi buleki yakeyake. Mpando umenewo ndimaukhulupirira kuposa bedi langa.

Anayendetsa bwino, achemwali, ndipo izi ndi zimene zimandidya. Ankayang'ana pagalasi, ankasintha magiya mosakukuta, kuposa azibambo ambiri amene ndawakhozetsa mayeso. Pafupi ndi msika panali bambo wina akukankha wilibala m'mphepete mwa msewu. Hutala anali atamuona kale n'kumupatukira. Koma dzanja la mphunzitsi silidikira mutu. Ndinalumphira chiwongolero n'kuchikoka monga ndimachitira ndi ophunzira amantha, ndipo tinakawomba mtengo wa magetsi. Wa wilibala sanakhudzidwe n'komwe. Mwana wanga ndi amene anamenyetsa pakamwa pachiwongolero.

Anthu anadzaza, akuwerenga mokweza chikwangwani cha sukulu chili padenga la galimoto, ena akuseka. Mwa apolisi a pamsewu amene anabwera, mmodzi ndinamuphunzitsa ndine. Anandipatsa kachipangizo koyezera mowa akuyang'ana kumbali, n'kunena chapansipansi kuti, "Uzirani apa, aphunzitsi." Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Hutala, magazi ali chuchuchu pamalaya, anauza apolisi kuti makiyi anatenga yekha ine ndikuwodzera, kuti ine ndinangomutsatira, ndipo galimoto inamupulumuka yekha. Palibe anamutuma kunena zimenezo. Ine ndinali pomwepo ndikumva, ndipo ndinawalekerera apolisiwo kulemba bodzalo.

Nditatuluka pa belo ndinapeza loya. Anandifotokozera kuti milandu ndi iwiri: wa apolisi, komanso wa mayi ake a Hutala, amene anali atathamangira kale ku khoti la za mabanja kukapempha kuti andilande Loweruka lija. Anati mawu a mwanayo ndi golide. Ngati sindinagwire chiwongolero, n'kovuta kunena kuti ndimayendetsa nditaledzera. Patsala kamlandu kakang'ono, laisensi ipulumuka, ndipo pempho la mayi ake lifooka. Chofunika n'chakuti mwanayo akabwereze mawu omwewo atalumbira. Sanandifunse ngati chiwongolerocho ndinachigwira, inenso sindinamuuze.

Ndinavomera nzeru za loyayo, achemwali. Masabata onsewo ndinkadya n'kugona tulo pamsana pa bodza la mwana wanga, ndipo ndi masiku omwewo pamene ndinakuuzani za mpira zija.

Tsiku la mlandu ndinamuona pabenchi la m'khonde la khoti, atakhala pambali pa mayi ake, atavala yunifolomu. Dzanja linali pakamwa kubisa gwelu, koma ndinaona milomo ikugwedera. Ankaloweza. Ankabwereza bodza lija mwakachetechete, mofanana ndi mmene ndinamuphunzitsira kuloweza zizindikiro za pamsewu, mutu ukugwedezeka pang'ono akafika pamapeto n'kuyambiranso.

Titalowa, atandiwerengera mlandu n'kundifunsa ngati ndikuvomera kapena kukana, ndinaimirira n'kuti, "Ndikuvomera. Makiyi ndinamupatsa ndine, chiwongolero ndinakoka ndine. Mwanayu amayendetsa bwino." Loya wanga anangogwira mutu. Anandilipitsa chindapusa, laisensi anandilanda kwa nthawi yaitali, ndipo abwana anatumiza uthenga kuti ndikasiye makiyi a ofesi kwa mlonda. Tsopano mwadziwa chimene chaphwetsa mimba.

Ndisakunamizeninso, potuluka ndinali ndi kamtima koti mwina mwanayo andikumbatira. Anandidikira pamasitepe, anachotsa dzanja pakamwa kuti ndione bwino, n'kundiuza kuti, "Ine ndinanama chifukwa cha inu, ababa. Inu mwandisandutsa wabodza pamaso pa anthu onse, ndipo Loweruka lomwe mwalitayanso." Kuchokera tsikulo sanandilankhulenso. Ndikaimba foni imangoitana.

Ku khoti la za mabanja tinapita sabata yatha. Mayi ake sanakuwe, sanandinyoze, anangoika patebulo malaya a magazi aja atawapinda bwinobwino. Woweruza, mayi wachikulire wa magalasi, anati sakufuna kudula mwana kwa bambo ake, komanso sangamuperekenso m'manja mwanga ndili ndekha. Anagamula kuti ndiziona Hutala pokhapokha pali munthu wamkulu wotikhalira pakati, amene mayi ake amuvomereza, ndiponso ndizipita kwa alangizi a za mowa. Munthuyo akapanda kupezeka pofika tsiku lobwereranso kukhoti mwezi wamawa, nkhani ya Loweruka ithera pomwepo.

Ndinatchula anzanga a kuntchito, mayi ake anakana. Ndinatchula mwini nyumba, anaseka. Ndinatchula msuweni wathu uja, anati ameneyo ndiye amene amandigulira mowa. Woweruza atamufunsa kuti nanga iye akufuna ndani, anati, "Azakhali ake a mwanayu basi. Kwawo konse ndi okhawo amene sanawaikirepo kumbuyo bambowa."

Ndiye nkhani ndi imeneyo, achemwali. Ndazungulira mtunda wonsewu kuti ndifike apa. Ndikudziwa kutalika kwa ulendo, ndikudziwa kuti Loweruka ndi tsiku limene shopu yanu imayenda malonda, ndiponso alamu akufunika wowayang'anira. Sindikupempha sabata iliyonse, ngakhale kamodzi pamwezi khoti lati lilola. Simudzafunika kundilankhula. Mukhoza kubwera ndi zoluka zanu n'kukhala pampando wapakhomo, kapena kunditukwana kuyambira pofika mpaka pochoka, zonse ndilandira. Zaka zonsezi ndakhala pambali pa anthu kuwayang'anira kuti asalakwitse, lero ndine wofunika kukhaliridwa pambali, ndipo manyazi ake sindingawalembe.

Kwa alangizi ndayamba kale kupita. Kabala kaja ndimakalambalala podzera njira ya kuchigayo, ngakhale ndi yaitali. Sindikulonjeza zambiri chifukwa malonjezo anga munawamvapo kale. Dzino achipatala akuti adzamuika lina akakula pang'ono, koma pakali pano kusukulu wasiya kuimba kwaya.

Mukakana sindidzakudandaulani, madzi ndinataya ndekha. Chokhacho mundiyankhe lisanafike tsiku la khoti, kuti ndikadziwe chonena.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwawerengere kalatayi ngati mukufuna, sindibisanso kanthu. Moni kwa anyamata onse, ndi kwa kamtsikana kanu kaja kamene kanandiuza kuti ndidzakaphunzitse galimoto; mukauze kuti amalume aima kaye. Nthawi zonse ndimamaliza ndi moni wa Hutala, koma lero ndilibe, ndipo sindikufuna kumupekera mawu ena. Mukabwera adzakupatsani yekha. Inu sangakukanizeni, ndipo ine ndidzakhala chapafupi kuti ndimve nawo mawu ake.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Hutala