Madzi a M'ndowa Musataye

Bambo a Rita,

Musanakhudze chilichonse, madzi ali m'ndowa yobiriwira musasambe, musataye. Ndi mchere wathu wonse umenewo.

Dzulo munadandaula kuti mchere uli ndi mchenga, mwana wanu anamva. M'mawa uno ine ndili kalikiliki kusambitsa Filipe, Rita wakwera pamtondo, watsitsa chitini cha mchere n'kukhuthulira wonse m'madzi. Ndamupeza akutakasa ndi mthiko, akuti, "Ndikuwachapira apapa." Ndinathyola kamtengo, koma dzanja linakana. Inunso musamukalipire, mlandu ngwa pakamwa panu.

Mukaweruka kusikola, musefe madziwo pansalu, muwawiritse mpaka aphwe. Aneba athu Mayi Bertina akuti mchere utsalira pansi pa mphika. Rita ndamusiya kwa iwo komweko. Nkhuni muone nokha, aprofesoro, choko sichiyaka.

Ine ndamubereka Filipe, ndatsagana ndi azimayi a kutchalitchi kumalire, kukasinthitsa mbatata ndi sabawu wochapira. Malaya anu aja atopa n'kuchapidwa ndi madzi okhaokha. Pepani sindinakudikireni. Njira imeneyi siyoyenda wekha masiku ano, ndipo anzanga anali atasenza kale.

Mukamva mfuti musayambe zondifunafuna. Nyamulani mwana ndi bulangete, muthawire kuphiri kuja, ndikakupezani komweko. Ndowayo ingoivundikirani, musathamange nayo, ndimakudziwani.

Kukakhala bata ndifika dzuwa lisanalowe, ndidzalawe mchere wochapa wa mwana wanu.

Ndine wanu,
Clementina