Atate Anaima Kumbuyo

Chipata, Meyi 1970

Wokondedwa mlongo wanga Matiyasi,

Moni kwa iwe, mlamu Dailes ndi ana kumeneko ku Kitwe. Kaya muli bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti nyumba yazizira.

Uthenga unandipeza m'kalasi, choko chili m'manja. Amalume Abednego anaima pakhomo atavula chipewa, ndipo ndinadziwa asanayankhule kuti atate atisiya kuchipatala cha Tamanda. Lamya inakuuza zimenezo. Ndalemba chifukwa ndamva kuti kumeneko ena akuti atate anathawa chisankho ndi mantha.

Ukudziwa kuti chigawo chathu chimayamba chasankha munthu mmodzi woti akapikisane pa upulezidenti wa bungwe la alimi a mtedza. Chaka chino a kumidzi anachuluka: atate, a Abel a ku Tamanda, ndi ena awiri. Wa m'tauni anali mmodzi yekha, a Boaz asitolo, amene ankafuna kusamutsira msika wathu wa mtedza ku Chipata. Azimayi okalamba akanamayenda tsiku lonse ndi matumba pamutu.

Tinavota monga mwa nthawi zonse, aliyense kuima kumbuyo kwa amene wamufuna. Mizere ya kumidzi inali yaifupi yokhayokha. Wa a Boaz unakafika pamtengo wa mango.

Atate anacheuka n'kuyang'ana. Owerenga asanayambe, anachoka kutsogolo ndi ndodo yawo, akutsokomola, n'kukaima kumapeto kwa mzere wa a Abel, munthu wa mpingo wina amene akhala akutsutsana naye chiyambire. A Abel anawafunsa ngati asochera. Atate anayankha kuti Mkatolika ngati iwo anazolowera kudikira pamzere, a Abel angoyang'ana kutsogolo. Anthu anaseka, mzere wathu wonse n'kutsatira, kenako winanso. A Abel anapambana.

Ndawerenga za anthu otchuka ambiri, Matiyasi, koma sindinapezemo amene anasiya malo ake mofatsa chotere.

Ndikupempha, ukabwera usakane dzanja la a Abel. Ananyamula nawo bokosi mpaka kumanda, ndipo anaima nafe pa Misa yonse.

Undiperekere moni kwa azakhali Zelipa. Mulungu akusungeni nonse.

Msika ukadali pamudzi. Jekete limene unatumizira atate lovala pachisankho lili pamsomali, ndipo mtedza wawo wakhwima, ukudikira okumba.

Ndine mlongo wako,
Sesiliya