Chithunzi cha mwana chidzera paphiri

Tumpale wanga,

Pepa, ku sikelo upita wekha lero. Bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija, ndaitana kale, ifika 9 koloko. Mandasi ali m'poto, awiri ndadya. Chabwino, atatu.

Andiitana ku nsanja ya netiweki ya paphiri. Intaneti ya Tukuyu yense ikukwawa, ndipo wolakwa ndi mwamuna wako yemweyu. Dzulo tinalumikiza chingwe chatsopano chonyamula magiga khumi, koma ine ndinachilowetsa pa khadi lakale la rauta, makina ogawa intaneti aja, lonyamula giga imodzi yokha. Zili ngati kuthira mtsinje wa Kiwira mu fanulo yako ya palafini. Maganizo anali kutali, mayi. Nkhungu inali itakuta minda ya tiyi, ine n'kumaona kamwana kathu kakuyenda pamwamba pake, makutu ngati angawa, tsoka lake.

Khadi loyenera ndanyamula. Akakuunika, jambula chithunzicho unditumizire pomwepo, usadikire kufika kunyumba. Chidzera m'khadi limene ndikukaikali, ndiye kuti mwanayu adutsa m'manja mwa bambo ake asanabadwe n'komwe. Ndithamange, akapeze njira ili yotakata.

Wako,
Gwakisa