Chilango Chowakomera a Jenereta

MSONKHANO WA KOMITI YA KWAYA YATHU
Tsiku: Loweruka, 9 Malichi
Malo: Chipinda chosungiramo mipando, kuseri kwa holo
Opezeka: Wapampando, Woimbitsa, Aphunzitsi, a Makaniki ndi Mlembi
Osapezeka: a Telala, mng'ono wawo wa Wapampando (onani mfundo 3)

Olemba ndine Mlembi, munthu yekhayo m'komiti muno wokhala ndi cholembera chakechake. Popanda ine mbiri ya kwaya ino ikanakhala mphekesera chabe.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano tonse tili chiimire, pakuti mipando inali yomangidwa ndi tcheni ndipo mlonda anachoka ndi kiyi. A Makaniki anapempha kuti tifulumire chifukwa anasiya galimoto ya eni ili pa jeke.

2. Za kuchotsa a Jenereta m'kwaya
A Jenereta ndi bambo woimba besi mumzere wakumbuyo. Ankadikira chigamulo pakhonde, ndipo nsapato zawo zinkamveka uku ndi uku msonkhano wonse.

Wapampando anakumbutsa komiti lamulo lomwe anabweretsa okha chaka chatha, loti wochedwa pa pulakatisi aziimba vesi yekha kutsogolo kuti achite manyazi. Anati a Jenereta akulangidwa sabata ndi sabata koma kuchedwa kukungokula, choncho achotsedwe. Woimbitsa anavomereza. Anati Lachinayi lapitali bamboyu anaimba mavesi onse, kubwereza kolasi, n'kuwerama pomaliza.

Aphunzitsi, amene anachitapo kosi ya za makhalidwe a ana, anati pa ntchito yawo chilango sachidziwira pa mkwiyo wa wolanga ayi, koma pa zotsatira zake. Khalidwe likachepa, chinalidi chilango. Likakula, ndiye kuti munthuyo mwakhala mukumupatsa mphoto.

"Mukuti ine ndakhala ndikuwapatsa mphoto?" anafunsa Wapampando.

Aphunzitsi anati eya. Mlembi anayang'ana kudenga.

A Makaniki anaulula kuti a Jenereta amafika msanga kuposa aliyense, n'kubisala kuseri kwa thanki ya madzi mpaka nyimbo yoyamba iyambe. Atafunsidwa chifukwa chomwe sananenere kale, anati besi ikamveka bwino injini suitsegula. Apa anasuzumira pawindo kuona ngati jeke ija ikuoneka. Sinkaoneka.

3. Za a Telala
Aphunzitsi anati lamulo lomweli linagwira ntchito pa munthu mmodzi. A Telala anachedwa kamodzi, anaimba mawu akunjenjemera, oimba alito anaseka. Sanachedwenso, chifukwa sanabwerenso. Aphunzitsi anati chilango chikagwira chimatha kuthamangitsa munthu pamodzi ndi khalidwe lake, ndipo sichimuuza choti achite m'malo mwake.

Wapampando anati za m'banja mwawo zisalembedwe. Zalembedwa.

4. Mawu a a Jenereta
Anaitanidwa. Analowa chipewa chili m'manja ndipo anapatsa moni aliyense, ena kawiri. Poyamba anati vuto ndi mabasi. Woimbitsa anawakumbutsa kuti amakhala kutsidya kwa msewu. Atamva za thanki anayang'ana a Makaniki, a Makaniki anayang'ana pawindo.

Kenaka anati: "Mayi Wapampando, kumbuyo kuja ndimaima pafupi ndi khoma, amandimva ndi khoma lomwelo. Kunyumba, chimwalirireni mayi a ana, ndikaimba palibe wondiuza kuti ndikusokosa. Mukandichotsa kuno ndikaimbira ndani?"

Mlembi anafuna kunena kanthabwala koma cholembera chinagwa, ndipo kutola chinthu pansi pa msinkhu wangawu ndi ulendo.

5. Chigamulo
Wapampando anati lamulo ndi lamulo. Woimbitsa anati mpikisano wayandikira ndipo besi ina imene tili nayo ndi Mlembi, zomwe anazinena mosapatsa ulemu.

Aphunzitsi anati kulanga kuli pawiri: kumuwonjezera munthu chomuwawa, kapena kumulanda chomukomera. Anapempha kuti wochedwa azikhala duu pabenchi nyimbo yoyamba yonse, tsiku lomwelo, kaya akhale ndani, ndipo vesi ya yekha izipatsidwa mosinthana kwa ofika msanga amene akuifuna. Anati tiyese mwezi umodzi. Kuchedwa kukapanda kuchepa, nachonso si chilango, tidzafune china.

A Jenereta anafunsa ngati pabenchipo n'kololedwa kung'ung'udza chapansipansi. Anakanizidwa. Anati chimenecho ndi nkhanza. Aphunzitsi anati ndiye mwina tachipeza.

Anayi anavomereza. Wapampando anati, "Ndinalakwitsa, a Jenereta akhale." Komiti inagwirizana kuti Woimbitsa akaone a Telala ndi kuwauza kuti lamulo lija lafa.

6. Zina ndi zina
A Jenereta anafunsa kuti wofika msanga amawerengedwa kuyambira pachitseko kapena pathanki. Pachitseko. A Makaniki sanapereke maganizo chifukwa anali atathamanga kale.

Msonkhano wotsatira: Loweruka loyamba la mwezi wamawa, mlonda akhalepo.
Kutseka: 4 koloko malinga ndi wotchi ya pakhoma, imene imanena zomwezo tsiku lonse.

Wapampando: ....................
Mlembi: ....................

Mawu owonjezera a Mlembi: Zonse zili pamwambazi n'zoona kupatula chimodzi. Pa mfundo 5 Wapampando sananene kuti "ndinalakwitsa". Anangoti "mmm" akufunafuna ambulera yawo. Zinazo ndawathandiza ine. Koma amasayina osawerenga, ndipo a Telala ati akaona mawu amenewo ali ndi siginecha ya akulu awo pansi, Lachinayi abwera.