Mboni ya Kuseri kwa Chinsalu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kukuzizira ngati kuno, kapena munasiya kufunda zitenje ziwiri?

Ife tilipo. Kachewere chaka chino wabereka mwamwano, mmodzi yekha kukula ngati mutu wa amalume. Mpongozi wanu Nangozo wachira, mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Akalira amamveka mpaka ku Linthipe. Mawuwo watengera ine.

Koma nkhani ndi iyi. Mibawa ya pakasupe paja munkatunga madzi, anthu ena a ndalama anaigwetsa ndi macheka a injini, kasupe n'kuphwa. Ine ndinawaona pochokera kudimba. Nkhani itafika kukhoti mudzi wonse unangoti zii, poti loya wathu, mayi wamfupi koma wolimba mtima, anthu a ndalama aja anali atamuswera kale galasi la galimoto. Anaimirira ndani? Mwana wanu yemweyu!

Loyayo anapempha woweruza kuti mboni itetezedwe, ndipo zinatheka. Dzina langa analibisa, ndinalowera khomo lakumbuyo n'kuyankhula kuseri kwa chinsalu. Loyayonso anamupatsa wapolisi womuperekeza. Nditanena kuti mitengo inagwa yoposa nyenyezi, woweruza anandidula, akuti ndinene zimene maso anaona. Ndinati isanu ndi iwiri. Zinandiwawa, Amayi.

Tsono taonani tsoka langa. Pamsika wa pa Chimbiya anthu akutama mboni ija, ena akuti ndi mphunzitsi, ena akuti msilikali wopuma. Ine ndili pomwepo ndi thumba langa la kachewere, lilime likuyabwa ngati ndadya chitedze, koma duu. Mlandu sunathe, ndipo loya anandichenjeza kuti ndikangodzitama kamodzi, anthu aja adziwa nyumba yoti aotche. M'nyumbamo ndi momwe mumagona kamwana ka dzina lanu.

Munkati pakamwa panga ndi dengu lobooka. Mukanakhalapo ndikanakunong'onezani mukutong'ola chimanga pakhonde, inu n'kunditsina khutu, kenako n'kuyang'ana kumbali kuti ndisaone kuti mukuseka. Palibenso amanditsina khutu masiku ano. Chitsa chimodzi pakasupe paja chikadali ndi poterera pomwe munkatsamira potula ndowa. Ndimakhalapo nthawi zina.

Ndiye ndadzitamira kwa inu nokha, poti kumeneko nkhani sizituluka. Kalatayi ndikaikwirira kumutu kwa manda anu. Ndikulonjeza, dengu lija ndalisoka. Mpaka mlandu uthe, ngakhale nkhuku sindiiuza.

Ndine mwana wanu wokusowani tsiku ndi tsiku. Dzina sindilemba, akhoti analetsa. Munandipatsa ndinu, mukulidziwa.