Mitengo ya Kumsitu

Lachinayi, mvula ili pafupi. Mtima suli m'malo.

Dzulo ndinadula mitengo pa kankhalango ka kuseri kwa phiri, n'kuikhoma padenga la sukulu yathu. Lero nditamuuza mkazi wanga, wangogwira pakamwa.

"Inu, mwadula kumanda! Simudziwa chifukwa chake manda timati kumsitu? Pogona akufa nkhwangwa sifikapo, mitengo imangokula. Pamenepo panagona makolo athu kalekale, Angoni asanafike kuno."

Ine mkamwini wobwera chaka chatha, ndikanadziwa bwanji? Panalibe ngakhale mtumbira umodzi.

Ndikaitsitsa mitengoyo, Mzungu wa kumishoni adzati mphunzitsi wake akuopa mizimu. Ndikaisiya, palibe mayi amene adzalole mwana wake kukhala pansi pake. Mawa belu ndiliza ndithu, koma wobwera kaya...